Chainizi Wothamangira Maluwa ku Bembeke: Lipoti la Mlangizi

Nkhaniyi inandipeza Lolemba lina kumayambiriro kwa Ogasiti, njinga yamoto ndisanaitulutse n'komwe. Pakhonde pa ofesi panali amayi atatu a kalabu ina ya ulimi wa m'dimba ya cha ku Bembeke, kuno ku Dedza. Mmodzi anali atafukata chinthu m'chitenje ngati mwana wodwala. Atavundukula, anali chainizi wozulidwa ndi mizu yomwe: masamba ochepa, opyapyala, ndipo pakati patatuluka phesi lofika m'bondo, kunsonga kuli timaluwa tachikasu.

"Alangizi, atigulitsa mbewu yabodza," anatero atcheya. "Tilembereni kalata tipite nayo kwa mwini sitolo uja, atibwezere zathu."

Kalatayo sindinailembe, ndipo lipotili likufotokoza chifukwa chake. Ndalembera makamaka alangizi anzanga a kumtunda kozizira kuno, kuyambira Dedza, Lizulu mpaka Tsangano, chifukwa dandaulo lotere limabwera chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri timangolitseka ndi mawu oti "ndi nyengo imeneyo mayi", mlimi n'kubwerera kwawo asanatolepo kanthu.

Mmene zinayambira

Kalabuyi imalima m'mphepete mwa dambo, pamalo otsetsereka pang'ono. Kumunsi kwenikweni kuli chitsime chawo, ndipo chakumadzulo kwa chitsimecho kuli mzere wa bulugamu wa mwini munda woyandikana nawo. Chaka chimenecho anakongola ndalama ku banki m'khonde n'kugula mbewu ya chainizi ya m'chitini, repu pang'ono ndi kabichi pa sitolo ina ya zipangizo zaulimi pa boma. Ankafuna kuti ndiwo zifike pothyola mu Ogasiti, mavenda opita nazo ku Lilongwe adzapikule pamunda pomwepo.

Nazale anafesa kumapeto kwa Meyi, pafupi ndi chitsime. Ndivomere msanga pano: amene anawauza kuti nazale ikhale pamenepo ndine. Ndinkaganizira misana yawo, kuti asamakwere mtunda ndi kheni yodzaza kawiri patsiku. Mbande anawokera chakumapeto kwa Juni, mabedi ambiri a chainizi kumunsi komweko, ochepa chapakati pa mtunda. Anathira manyowa a m'khola pokonza mabedi, kenako CAN pang'ono patatha masabata awiri chiwokerereni. Mpaka pakati pa Julayi zonse zinkaoneka bwino, kungoti kukula kunali kochedwa, zomwe munthu wa kuno sadabwa nazo nthawi yachisanu. Dzuwa litangoyamba kubwerera, mitima ya chainizi inayamba kusongoka, ndipo pasanathe masabata awiri kumunsi konse kunali chikasu chokhachokha, njuchi zikuchita phwando.

Mavenda anabwera, anayang'ana, anabwerera. Sindingawanene. Chainizi akatulutsa phesi masamba sakulanso, mitsempha imalimba, ndipo mumphika amawawira.

Zomwe ndinapeza kudimba

Ndinapita Lachitatu m'mamawa dala, kuti ndikaone dimbalo pa ola limene limazunzika kwambiri. Kumsewu dzuwa linali litawala kale, koma potsikira kuchitsime kunali ngati kulowa mumtsinje ndi zovala. Nkhungu inali itagona m'dambo, mame akulowa m'nsapato, ndipo zala zinachita dzanzi ndisanamalize tsamba limodzi la m'kope. Amayiwo anati mu Julayi masiku ena ankapeza udzu wa m'mbali mwa chitsime uli mbuu ndi chisanu, masamba a nyemba za mnzawo wina atapserera. N'zosadabwitsa. Mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku wopanda mitambo umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika. Boma la Dedza palokha lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake n'kufika 2,198, ndipo kuti usiku wa Juni ndi Julayi utsike kufika pa madigiri 10 kapena kucheperapo si nkhani kuno. M'dambo mumazizira kuposa pamenepo. Masana a tsiku lomwelo ndinabwereranso: itangokwana 2 koloko, mthunzi wa bulugamu unali utaphimba kale pamene panali nazale ndi mabedi onse akumunsi.

Zifukwa zina ndinaziyendera mwachangu. Chitini chinalipo, mbewu yotsala ili momwemo. Anachigula chomata, tsiku lake lisanathe. Kameredwe kanali kabwino, ndipo zomera zonse zinali za mtundu umodzi, popanda mpiru kapena china chosakanikira, zomwe mbewu yachinyengo siikwanitsa kawirikawiri. Madzi sanasowe. Feteleza analibe mlandu. Mbande zinachedwerako pa nazale ndi sabata kapena kuposerapo, ndipo zimenezi zimathandizira kuthamangira maluwa, koma pazokha sizikanasandutsa dimba lonse chonchija.

Chimene chinandiimitsa ndi mmene maluwawo anagonera. Mabedi akumunsi anapita pafupifupi onse, koma apakati pa mtunda anali a apa ndi apo. Repu ndi kabichi, zomwe zinagona pa chisanu chomwecho, zinali phee, masamba okhaokha. Ndipo umboni waukulu unatuluka mwangozi, titakhala pansi tikudya mbatata yootcha. Msungichuma anaulula, maso ali pansi, kuti anatapako mbewu pang'ono m'chitini chomwecho n'kukafesa kwawo, kuseri kwa khitchini, m'kadimba kotchinga ndi mpanda wa udzu. Tinanyamuka tonse. Kadimbako kali pamtunda, koyang'ana kumpoto kumene dzuwa limayendera miyezi yachisanu, khoma la njerwa limasunga kutentha mpaka madzulo, ndipo nazale yake ankaifunditsa udzu usiku poopa nkhuku zolawirira. Chainizi wake anali wonenepa, masamba otambalala ngati mbale, phesi ndi limodzi lomwe ayi. Chitini chimodzi, sabata yofesera imodzi.

Anzake anayamba kumuyang'ana mwamtundu wina. Ndinadziwa kuti ndikapanda kufotokoza bwino, mlandu uchoka kwa mwini sitolo n'kugwera mayiyu, ndipo mawu ake adzakhala oipa kuposa a kutapa mbewu ya gulu. Munda wa munthu mmodzi ukachita bwino pakati pa minda yolephera, tonse tikudziwa zimene zimanenedwa m'mudzi.

Chimene chimachitika mkati mwa tsamba

Alangizi tonse tinaphunzira kuti mbewu za banja la kabichi zimachita maluwa zikamva kuzizira kwa masabata angapo. Chimene ambiri sitinachipeze m'kalasi, chifukwa n'cha posachedwapa, ndi mmene chomera chopanda ubongo chimawerengera masiku ozizira, ndiponso chifukwa chake masana otentha amatha kufufuta zomwe usiku walemba. Apa ndikhalitsapo, pakuti kusiyana kwa dimba la kudambo ndi la kuseri kwa khitchini kwagona pamenepa.

Tsamba ndi maselo ambirimbiri. Mu selo muli kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, momwe mumakhala DNA, ulusi wautali wosunga malangizo onse a chibadwa cha chomeracho. Chigawo chimodzi cha malangizowo ndi jini, ndipo chainizi ali ndi majini oposa 40,000. Si onse amene amagwira ntchito nthawi imodzi. Malangizo opangira duwa amakhalamo kuyambira tsiku lomera, koma pachipata pake pali mlonda. Mlondayo ndi jini yotchedwa FLC, yomwe inafotokozedwa mu 1999 ndi magulu awiri a akatswiri, lina la ku Wisconsin ku America, lina la ku Canberra ku Australia. FLC ikamawerengedwa, selo imapanga puloteni yomwe imakakhala pa majini a maluwa n'kuwapanikiza. Kwa mlimi wa ndiwo zamasamba FLC ndi bwenzi lapamtima: ikakhala yamphamvu amathyola masamba, ikafooka amaweta njuchi.

Mlondayu sadzidyetsa yekha. Pali puloteni ina, FRIGIDA, yomwe ikakhala pa FLC pamodzi ndi anzake imachititsa kuti jiniyo iwerengedwe kwambiri. Ndiye funso linali loti: kukazizira, FRIGIDA amapita kuti?

Apa mpamene pakulowa nkhani ya timadontho. Ife tinaphunzira kujambula selo ngati nyumba, chipinda chilichonse ndi khoma lake, zotsalazo n'kumangoyandama m'madzi. Mu 2009 Clifford Brangwynne ndi Anthony Hyman, pa Max Planck Institute ku Dresden m'dziko la Germany, anaonetsa kuti timibulu tina ta m'dzira la kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans si timiyala ayi. Timadontha. Tiwiri tikakumana timakhala kamodzi. Timasungunuka mbali ina ya selo n'kuundana mbali inayo, ndipo tilibe khungu lotikuta. Aliyense amene anayang'anapo pamwamba pa msuzi wa nyemba zothira mafuta ali nacho chithunzi chake: timaso ta mafuta toyandama, tosasakanikirana ndi madzi ngakhale tilibe mpanda, tikakumana n'kukhala diso limodzi lalikulu, ukatakasa n'kumwazikanso. Kusiyana kwake n'koti ta m'selo si ta mafuta. Ndi ta mapuloteni, nthawi zambiri pamodzi ndi RNA, timaulusi tokopera malangizo a mu DNA. Mapuloteni ambiri otere ali ndi michira yolobodoka yomwe imagwirana mofooka ndi michira ya anzake, kugwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Akachuluka pamalo amodzi, kapena kutentha kukasintha, kugwiranako kumakwanira kuwaunjika m'kadontho. Zinthu zikabwerera mwakale, kadonthoko kamamwazika. M'Chingerezi amati ma condensate, dzina lotengera mmene nthunzi imasandukira mame, ndipo kwa amene amadzuka m'dambo dzinali ndi lomveka: mame amagwa usiku, dzuwa likakwera palibe. Brangwynne ndi Hyman analandira mphoto ya Breakthrough Prize ya 2023 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Posakhalitsa timagulu tofanana tinapezeka m'nyukiliyasi momwemo, pamene majini amayatsidwa ndi kuzimitsidwa. Mu 2018 gulu la Richard Young la ku Whitehead Institute, ndi la Ibrahim Cissé, mbadwa ya ku Niger amene nthawi imeneyo anali ku MIT, linaona m'maselo a mbewa mapuloteni othandiza kuwerenga majini, monga Mediator, ataunjikana m'timagulu tonga madontho pamodzi ndi RNA polymerase II, makina enieni owerengera DNA. Kumeneko kadontho kamayatsa jini pounjika antchito onse pamalo a ntchito, ngati anthu oitanidwa ku dima. Koma kadontho kangathenso kuzimitsa jini, pochotsa antchito pamalopo n'kukawaunjika kwina.

Zachiwirizi n'zomwe Pan Zhu, Clare Lister ndi Caroline Dean a ku John Innes Centre, ku Norwich m'dziko la England, anafalitsa mu 2021. Ankagwiritsa ntchito Arabidopsis, kachitsamba kakang'ono ka banja limodzi ndi chainizi, mpiru, repu ndi kabichi. Anamata FRIGIDA ndi chizindikiro chowala n'kumamuyang'ana pa maikulosikopu. Kukazizira, FRIGIDA amaundana m'timadontho mkati mwa nyukiliyasi, kutali ndi pamene FLC ikuwerengedwa, ndipo FLC imayamba kufooka. Kutentha kukabwera, ngakhale kwa maola ochepa chabe, timadontho timachepa, FRIGIDA n'kubwerera pantchito yake. Kwa chomera cha kuthengo ku Ulaya imeneyi ndi nzeru yopulumukira: usiku uwiri wozizira usachinamize kuti chisanu chadutsa, n'kutulutsa maluwa oti akapserera.

Kufooka koyambaku kumabwezeka. Chosabwezeka chimabwera pambuyo. Kuzizira kukakhalitsa masabata, puloteni ina yotchedwa VIN3 imachuluka pang'onopang'ono, n'kuthandiza gulu la mapuloteni lotchedwa Polycomb kuika zizindikiro pa timipira ta histone tomwe DNA ya FLC yakulungidwapo. Selo ndi selo, FLC imatsekedwa, ndipo selo yotsekedwa ikagawikana, ana ake amabadwa otsekedwa kale. Zikafika apa, ngakhale dzuwa la Okutobala silingamudzutsenso mlonda uja. Gulu lomwelo la ku Norwich, poyesa m'minda ya ku England ndi ku Sweden, linafalitsa mu 2018 kuti VIN3 sakwera bwino ngati masana akudutsa madigiri 15. Ndiye kuti chomera chimatchera khutu ku zinthu ziwiri, kuzizira kwa usiku ndi kusowa kwa kutentha masana.

Nambala ya 15 ndi ya Arabidopsis, tisainyamule kupita nayo kudimba momwe ilili. Chainizi ndi wamantha kuposa apo. Kuzizira kochepera madigiri 13 kumamukwanira, ndipo amayamba kuwerenga njere ikangonyowa n'kuyamba kumera. Masana ofunda bwino ndi amene amafufutako zina mwa zimene wawerengazo, n'chifukwa chake alimi a ku Ulaya amalerera mbande zake pamalo ofunda madigiri 18 kapena kuposa. Kabichi ndi wamtima wina: samva kuzizira mpaka tsinde litanenepa ngati pensulo, ndipo amafuna masabata ochuluka, mpake kuno sitimuona kawirikawiri akuchita maluwa. Repu amene timalima nayenso ndi wochedwa. Chainizi ali ndi makope anayi a FLC, ndipo mitundu yake imasiyana kupirira kwake ku chisanu, mwa zina, chifukwa cha mphamvu ya makope amenewa.

Tiike zimenezi pa dimba lija. Nazale ya kuchitsime inkagona pamalo ozizira kuposa ena onse, nkhungu n'kuichedwetsera dzuwa m'mawa, bulugamu n'kuilanda dzuwa lamasana, kuwonjezapo masiku a chiperoni pamene dzuwalo silionekera n'komwe. Njere zinayamba kuwerenga zikadali m'nthaka, ndipo panalibe chofufuta. Mbande zomwe zinakwera kumabedi apakati zinapezako masana ofunda, mpake zina zinapulumuka. Za kuseri kwa khitchini zinkagona zofunditsidwa, masana khoma n'kuziwotcha. Chimene chaundana usiku chinkasungunuka tsiku lomwelo. Timadonthoti anationa ku Norwich pa kachitsamba kena. Ine kudambo ndinaona zotsatira, ndipo zinagwirizana bedi ndi bedi.

Chatsala chimodzi: bwanji maluwa anadikira mpaka Ogasiti? Nakonso kuli timadontho, koma toyenda chobwerera. Mu 2020 gulu lotsogozedwa ndi Philip Wigge linaonetsa kuti puloteni yotchedwa ELF3, yomwe kukazizira imapanikiza majini a kukula ndi a maluwa, kukatentha imaundana m'timadontho n'kuchoka pa majiniwo. FRIGIDA amaunjikana ndi chisanu, ELF3 amaunjikana ndi dzuwa. Julayi anagonetsa mlonda, Ogasiti n'kutsegula chipata, masiku nawo akuyamba kutalika. Kwa mlimi zimaoneka ngati tsoka la sabata imodzi, chikhalirecho mlandu unazengedwa kale pa nazale.

Ndingotchulako kuti akatswiri eni ake akukanganabe ngati timagulu tonse tooneka pa maikulosikopu tikuyenera kutchedwa madontho amadzi, kapena ena ndi maunjikano a mtundu wina. Mkanganowo ndi wabwino ndipo ndi wawo. Chimene ife tikutolapo sichisintha: mapuloteniwa amasonkhana n'kubalalika motsatira kutentha, ndipo jini imayaka kapena kuzima malinga ndi kumene asonkhanira.

Mmene ndinawafotokozera

Ndinayamba molakwika. Nditangoti "m'chomera muli majini", agogo ena anasiya mbatata yawo n'kuti, "Iii alangizi, ndiye kuti m'dimba mwathumu muli majini?" Pakati pa anthu amene anali atayamba kale kukayikira mnzawo, amenewa anali mawu oipitsitsa amene ndikanasankha. Anzanga, liwu ili lisiyeni ku ofesi. Nenani kuti chibadwa, kapena malangizo a chibadwa.

Ndinayambiranso. Ndinawafunsa kuti akalemba aganyu mu Julayi, m'mawa kukazizira amawapeza kuti. Onse anaseka: pamoto, ataunjikana, makasu ali gone. Nanga dzuwa likatuluka? Amabalalika, aliyense pamzere wake. Nanga chiperoni chikagwa sabata yathunthu? "Ndiye mundawo muuiwale," anatero atcheya. Ndinati mkati mwa chainizi namo muli aganyu, ntchito yawo ndi kudyetsa mlonda amene amatseka chipata cha maluwa. Kukazizira amasiya ntchito n'kuunjikana. Dzuwa likatuluka msanga amabwerera, mlonda n'kudya. Koma kuchitsime dzuwa limachedwa kubwera ndipo limafulumira kupita, ndiye mlonda anagona ndi njala mpaka anatheratu. Ndinapempha mbale ya madzi ndi supuni ya mafuta ophikira, ndinatakasa, tonse n'kumaonerera timaso tikufunana mpaka kukhala diso limodzi. Msungichuma anapuma mpweya waukulu umene ndinaumva ndili chapatali.

Atcheya sanandisiye choncho. "Nanga alangizi, si inu munati tifese kuchitsime?" Ndinati ndine, ndipo ndinalakwitsa, ndinawerengera madzi, chisanu sindinachiwerengere. Kunali zii kwa kanthawi. Kenako agogo aja anati makolo awo nthawi yachisanu ankafesa ndiwo pokwera n'kumatsitsira mbande m'dambo chisanu chikachepa, ndipo iwo anangokhala chete poti mlangizi wanena. Mfundo imeneyi ndinailemba m'kope ndi zilembo zazikulu.

Zomwe tinachita

Chainizi amene watulutsa phesi sabwerera. Kudula phesi sikuthandiza, pakuti nthambi zophukira m'mbali zimachokera ku maselo otsekedwa kale, ndipo nazo zimangothamangira maluwa. Tinagwirizana zothyola masamba onse abwino tsiku lomwelo. Ena anagulitsa pamsika wapafupi pamtengo wongotaya, ambiri anafutsa. Mapesi anthete, maluwa asanatseguke, amadyedwa. Ophika ndi tomato ndi nsinjiro anati si oipa. Kenako anazula mabedi akumunsi kupatula limodzi, n'kuwokeramo repu wotsala pa nazale.

Pofuna kutsuka dzina la mwini sitolo ndi la msungichuma, tinafesanso mbewu ya m'chitini chomwe chija pakati pa Ogasiti, nazale ili pamtunda, yotchinga ndi udzu kumbali ya mphepo ndi yofunditsa usiku. Mbande anawokera zikadali zanthete, masamba anayi. Mu Okutobala anathyola chainizi weniweni. Ochita maluwa anali owerengeka ndi zala. Si kuti zonse zinayenda myaa. Kutentha kunabwera ndi nsabwe ndi mbozi, ndalama ina inapita ku mankhwala, ndipo mtengo sunali umene ankayembekezera mu Ogasiti. Ngongole anabweza mochedwa, ndi chiwongoladzanja chake.

Mwini sitolo ndamutsuka pa mlandu wa mbewu yabodza, koma pali chizolowezi cha ogulitsa ambiri chimene sindigwirizana nacho: chitini chimodzimodzi chaka chonse, kwa wa ku Golomoti kotentha ndi wa ku Bembeke yemwe, osafunsa kuti mukafesa liti ndipo kuti. Mitundu yosathamangira maluwa ilipo, ndipo zimalembedwa pa paketi m'Chingerezi chimene amayiwa sawerenga. Imeneyo ndi ntchito yathunso alangizi, kuwawerengera asanalipire.

Za bedi lomwe linatsala

Mayi wina anafunsa funso labwino kuposa onse a tsiku limenelo: popeza maluwa achita kale, bwanji asunge njere, kapena ana ake nawo adzabadwa othamanga? Yankho lili pawiri. Chikumbukiro cha chisanu sichipita kwa mwana. Njere ikamapangika zizindikiro zija zimafufutidwa, FLC imadzukanso, mbewu yatsopano n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa ziro. Pamenepo palibe choopa. Choopsa ndi kusankha. M'bedi limodzi, zomera zoyamba kuchita maluwa nthawi zambiri ndi zomwe mlonda wake ndi wofooka mwachibadwa, ndipo chibadwa ndiye chimapita kwa mwana. Mlimi amene amathyola zabwino mpaka kutha n'kusungira mbewu zomwe zinathawa msanga, chaka ndi chaka akudzikonzera yekha mtundu wothamanga. Ambiri amachita zimenezi osadziwa, poti chomwe chachita maluwa ndiye "chaperekeratu mbewu".

Tinayang'ana pa chitini ngati panalembedwa F1, pakuti njere za haibulidi zimabereka ana osiyanasiyana, panalibe. Choncho m'bedi lotsalalo, ndi m'mabedi apakati, anazika timitengo pa zomera zomwe zinachedwa kwambiri kutulutsa phesi, zoyambirira zonse n'kuzula maluwa ake asanapatsire zinzake kudzera mwa njuchi. Njere zomwe anapeza n'zodzaza kabotolo kamodzi ka mankhwala a chifuwa. Akusunga atcheya, osati msungichuma, mwa pempho la mwiniwake.

Chaka chikubwerachi tagwirizana kuti mabedi a kuchitsime, kuyambira Meyi mpaka Julayi, akhale a repu ndi kabichi. Chainizi afesedwe kumayambiriro kwa Epulo kuti athyoledwe chisanu chisanakhwime, kapena adikire Ogasiti. Amene akufunabe msika wa Ogasiti afese pamtunda, afunditse nazale dzuwa likamalowa, avundukule likangotuluka, ndipo asachedwetse mbande. Tidzayesa mizere itatu moyandikana: mbewu ya m'kabotolo, ya m'chitini chakale, ndi ya mtundu wosathamangira maluwa, theka kumunsi theka kumtunda. Ndagula ma thermometer awiri osunga kutentha ndi kuzizira kwa tsiku, ina ya kuchitsime ina ya kumtunda, ndipo mwana wa mlembi amene ali Fomu 2 wavomera kumalemba m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Mwini bulugamu tinamupempha kudzera kwa amfumu kuti asadzeko nthambi zolendewera kudimba. Wati aganizira mitengoyo ikafika pogulitsa.